Mlonda wa pa Kamlatho

1. Chigayo

Misozi Njobvu anali atakhala ku Nkwazi miyezi isanu ndi iwiri, koma panalibe mtsikana ngakhale mmodzi wa m'komboni amene anafikapo pakhomo n'kuitana dzina lake.

Kwawo kunali ku Katete. Amayi ake anamutumiza ku Ndola kwa mlongo wawo, a Festus Sakala, kuti akatsirize sekondale. Amalumewo anali munthu wabwino ndi wopemphera, koma mkazi wawo anamwalira kale ndipo ana awo onse anali atachoka. Nyumba inali ya anthu awiri ndi wailesi.

Kusukulu anzake ankayankhula Chibemba chothamanga ngati madzi a m'ngalande mvula ikagwa. Misozi ankamva pang'ono, koma akati ayankhe, lilime linkakana. Tsiku lina analimba mtima nayesa. Kalasi yonse inaseka mpaka aphunzitsi anamenya tebulo ndi dasitala. Kuyambira tsikulo anatseka pakamwa.

Kutchalitchi nyimbo zinali zomwe zija anakula nazo, koma mawu ake anali ena. Iye ankaimba mawu a kwawo chapansipansi, kuti amve Mulungu yekha.

Mnzake weniweni anali foni yakale, yosweka galasi pakona, imene amalume anamupatsa. M'fonimo munali masewera a pa intaneti a maloboti ankhondo, zimphona zachitsulo zoyenda ndi miyendo iwiri. Anthu anayi amalimbana ndi anayi anzawo. Gulu lililonse limakhala ndi nsanja yake kumapeto kwa bwalo, ndipo oyamba kugwetsa nsanja ya anzawo ndiwo amapambana.

Terence Chanda, mnyamata wa m'kalasi mwake wokhala ku Kanini, anamupeza tsiku lina akusewera yekha kuseri kwa laibulale. Amayi a Terence anali a ku Chipata, choncho Chinyanja ankachikoka ndithu.

“Iwe, umatha kuyendetsa cholemera chija?” anafunsa. “Tikusowa munthu mmodzi. Aliyense akuchikana.”

Umo ndi mmene Misozi analowera m'gulu la anyamata atatu. Aliyense anali ndi ntchito yake. Terence, mtsogoleri, ankakwera padenga ndi mfuti yowombera patali. Boyd ankayendetsa kaloboti kopepuka ndi kaliwiro, kozemba adani n'kuwaluma kumbuyo. Mwamba ankatsatira anzake kuti aziwotcherera zitsulo zawo zikang'ambika. Misozi anapatsidwa chiloboti chachikulu cha chishango, choyenda monyang'wa, chaphokoso. Anyamatawo anachitcha Chigayo.

Njira zofikira pa nsanja zinali ziwiri. Panali msewu waukulu wapakati, kumene nkhondo yonse inkachitikira, ndi kamlatho kopapatiza kumbuyo, kodutsa pamwamba pa phompho. Malo a Chigayo anali pa kamlathoko. Kawirikawiri sikunkabwera mdani aliyense. Misozi ankaima pamenepo mpaka masewera kutha, akumva anzake akukuwa ndi kuseka m'mahedifoni, iye duu.

Komabe anali mawu a anthu, ndipo pa mndandanda dzina lake linkakhala pamodzi ndi awo. Kwa Misozi chimenecho sichinali chaching'ono.

Lachisanu masana Boyd anatumiza uthenga wa mawu kwa onse.

“Mawa mpikisano ku Kitwe. Manje mverani. Tikatsiriza tiona pa bolodi. Amene wagwetsa adani ochepa apereke malo kwa Shaun, kazeni wanga. Sitingamanyamule munthu ngati thumba la makala.”

Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa cholitchulira.

2. Chipinda cha mapampu

Loweruka m'mawa Misozi anapeza amalume ake atagwada pa mpope wapanja, akukulunga mphira pa paipi yodontha, uku akuimba cham'mphuno. Anagwada pambali pawo napempha chilolezo chopita ku Kitwe.

“Za maloboti zija?” anatero a Festus osatukula mutu. “Tandigwirira sipanala iyi. Kodi iwe ntchito yako m'menemo ndi yotani?”

Misozi anatola msomali najambula pa dothi lonyowa: nsanja, msewu wapakati, kamlatho, ndi kadontho kamodzi pambali pake. Anawauza za Boyd, za bolodi ndi za Shaun.

“Ndikaima apa sindigwetsa aliyense, amalume. Ndikapanda kugwetsa andichotsa. Lero ndikufuna ndipite pakati ngati anzanga.”

A Festus anayang'ana chojambulacho nthawi yaitali. Kenaka anapukutira manja pa ovolosi.

“Ohoo. Ndiye kuti iwe ndiwe wa pa mapampu.”

Misozi sanamvetse.

“Khala apa, mphwanga, ndikuuze. Mu mgodi ndinagwiramo zaka twente-thu. Anzanga ankapita kutsogolo, kumene amaboola mwala n'kuphulitsa. Otamandidwa anali iwowo. Mwala ukatuluka wambiri, maina awo ankatchulidwa pamaso pa onse. Ine malo anga anali chipinda cha mapampu, pansi penipeni. Udziwe kuti mgodi ndi chitsime. Madzi salekeza kulowa. Ntchito yanga inali kukhala pa benchi ndekha, maola eyiti, kumvetsera mapampu akulira. Akamalira bwino, panalibe wokumbuka kuti pansi paja pali munthu. Ena tinagwira nawo zaka faifi akungondiitana kuti ‘iwe wa madzi’.

“Tsiku lina kusungulumwa kunandiluma. Ndinamva anzanga akuseka pamalo odyera, pafupi, pongokhota kawiri. Ndinati, mapampu awa alira bwino chaka chonse, n'kuima lero? Ndipite mphindi teni zokha ndikamwe nawo tiyi. Ndinapita. Anandisendera pa benchi, nthabwala zinakoma, ine ndinaseka ngati mwana. Mphindi teni zinabala ola lathunthu.

“Pobwerera ndinaponda m'madzi ndisanafike n'komwe pakhomo. Zinyalala zinali zitatseka sefa, pampu imodzi n'kuzima, inzake n'kutsatira. Munthu wokhala pa benchi akanamva kulira kukusintha, akanachotsa zinyalalazo ndi dzanja limodzi. Koma pa benchi panalibe munthu. Amuna fotini amene ankagwira m'munsi mwathu anatuluka pa makwerero, madzi ali m'chiuno. Mulungu anatichitira chifundo, sanafe munthu.

“Womaliza kukwera anali mdala wina, a Fidelis. Sanandimenye, sananditukwane. Anangondiyang'ana, madzi akutuluka m'majombo, n'kunena kuti, ‘Festus Sakala. Lero ndiye takudziwa dzina.’”

A Festus analandira sipanala m'manja mwa Misozi namangitsa paipi.

“Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Tsono tamvera. Sindikuti masewera akowo ndi mgodi. M'menemo safa munthu. Ndiponso ndikadzaona kuti akukudyera sukulu kapena pemphero, foniyo ndidzaitsekera m'sutikesi. Koma mtima umene munthu amaima nawo pa kanthu kakang'ono ndi womwewo adzaime nawo pa chachikulu. Thupi silingakhale manja okhaokha. Phazi likatopa ndi fumbi n'kukwera pamutu kuti anthu alione, mwini wake amagwa chagada. Anzakowo amathamangira kutsogolo osacheuka chifukwa kumbuyo kuli munthu, ngakhale iwo eni aiwala kuti akumudalira.

“Ndipo sindikunamiza kuti ukaima pamalo pako akuombera m'manja. Mwina sakaona n'komwe. Mwinanso akakuchotsa ndithu. Ine ndinabwerera pa benchi paja zaka zina fifitini. Madzi sanakwerenso, koma palibe anabwerapo kudzati zikomo, lero sitinamire. Chokhacho, alipo Mmodzi amene maso ake amafika ndi pansi pa nthaka pomwe. Ndinkamuimbira nyimbo m'chipinda muja, mapampu akundithirira besi.”

Anamwetulira pang'ono natsegula mpope. Paipi sinadonthenso.

“Pita. Dzuwa lisakulowere panjira.”

3. Pamwamba pa matelala

M'minibasi ya ku Kitwe anyamata atatu aja anakhala mpando wakumbuyo, mapewa atagundana, akuonetsana mavidiyo. Misozi anakhala pawindo, pafupi ndi bambo wina wogona atakumbatira katoni. Ulendo wonse anangoyang'ana zulu zazitali za m'mbali mwa msewu ndi malole onyamula mkuwa.

Anatsikira pafupi ndi msika wa Chisokone nadutsa pakati pa ogulitsa zovala za salaula, nsomba za kapenta ndi matchaja a foni. Mpikisano unali m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa mashopu a matelala. Makina osokera ankamveka kudzera m'simenti.

Mwini malowo, ba Mathias, anali atayala makompyuta asanu ndi atatu, anayi uku anayi uku, n'kupachika chinsalu pakati kuti magulu asaonerane. Pakhoma panali bolodi ya maina ndi sikirini yaikulu ya oonerera. Sikiriniyo inkangoonetsa msewu wapakati, poti ndi kumene kumakhala moto.

Terence anasonkhanitsa gulu lake pakona.

“Boyd, usathamange wekha ine ndisanakwere padenga. Mwamba, khala kuseri kwa khoma, osatulutsa mutu. Wowotcherera akagwa, tonse tagwa. Misozi, kamlatho. Usaime pakati pa mlatho, akuwombera kuchokera paphiri. Ima kumapeto kwathu, kuseri kwa kontena, chishango kutsogolo. Ndipo usawombere msanga, angakuone pa mapu.”

“Ndiponso usagone,” anawonjezera Boyd. Mwamba anaseka.

Masewera oyamba anapambana. Achiwirinso anapambana. Pa kamlatho sipanadutse ngakhale mthunzi. Ba Mathias analemba pa bolodi adani amene aliyense wagwetsa, ndipo kutsogolo kwa dzina la Misozi anajambula ziro wozungulira bwino ngati dzira.

“Ba Katete, mwashibukeni!” anatero Boyd, kumupatsa moni wa m'mawa wa Chibemba ngakhale nthawi inali fotini awazi, masana. “Mwagona bwino pa mlatho? Tikubweretsereni bulangeti?”

Misozi anatulutsa kabokosi m'chikwama. M'mawa uja anali ataphika mbatata za kandolo zinayi, imodzi ya aliyense. Mmene ankatsegula chivindikiro, anyamatawo anali atatsika kale kukagula tchipisi. Anadya imodzi, zitatu zinazo anazitsekeranso.

4. Loboti ya mkono umodzi

Masewera omaliza anali olimbana ndi gulu la ku Kitwe komweko, limene linali litagonjetsa anzawo onse mwamsanga. Chipinda chinadzaza mpaka pa masitepe. Misozi anaweramitsa mutu kanthawi, kenaka anavala mahedifoni nayendetsa Chigayo kupita pamalo pake, kuseri kwa kontena.

Mphindi zitatu zoyamba zinadutsa monga mwa masiku onse. Kutali, pakati pa bwalo, mizinga inkagunda. Pa kamlatho panali mphepo yokha.

Kenaka kutsidya kunatulukira kaloboti ka adani. Kanali kovulala. Mkono umodzi unali utaduka, utsi ukufuka paphewa, mzere wosonyeza moyo wake utafiira. Kanaima poyera ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Zipolopolo ziwiri zikanakamaliza.

Koma mfuti ya Chigayo sinkafika patali. Kuti akakapeze anayenera kuchoka kuseri kwa kontena n'kuwoloka mlatho wonse.

Misozi anacheukira pakhoma. Ziro uja anali pomwepo. Anakankha batani. Chigayo chinaponda kamodzi, zitsulo za mlatho n'kulira. Chinapondanso kachiwiri.

Kaloboti kaja kanabwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kuimanso.

Misozi anachotsa chala pa batani. Miyezi inayi yoima yekha inali itamuphunzitsa kuyang'ana. Wovulala weniweni amathawira kwa wowotcherera wa gulu lake. Uyu sanali kuthawa. Anali kuyeza mtunda, ngati munthu wonyengerera nkhuku ndi chimanga kuti ilowe m'khola.

Nthawi yomweyo m'mahedifoni munabuka chiphokoso.

“Mwamba wagwa!” anakuwa Boyd. “Chigayo, isa kuno! Bwera pakati, endesha, fulumira! Ukutani kumeneko, ukuwedza nsomba?”

“Misozi...” Terence anayamba, koma mawu ake anamizidwa ndi kuphulika.

Kuchoka pa mlatho kukafika pakati Chigayo chinkatenga mphindi ziwiri. Kubwerera, zina ziwiri. Nsanja yopanda mlonda inkagwa m'mphindi imodzi yokha.

“Iwe Katete, ndiwe gonthi? Ukapanda kubwera manje manje, Lolemba tisakuone!”

Oonerera ena anaseka. Pansi pa mapazi a Misozi makina a matelala ankalirabe, osapuma, osasintha mawu, ngati chinthu chimene wina wakhala pa benchi kuchimvetsera.

Anabweza Chigayo mapazi awiri aja, kulowanso kuseri kwa kontena. Kenaka anakokera maikolofoni pakamwa. Kanali koyamba kuti anyamatawo amve mawu ake m'masewera.

“Sindichoka. Akubwera kuno.”

Asanatseke pakamwa, kuseri kwa phiri kunadzuka chiloboti china chachikulu, cha mzinga paphewa. Chinali chitazemba pakati paja kale, Mwamba asanagwe, n'kudzabisala kudikira kuti mlonda awoloke. Poona kuti msampha wakana, awiriwo anabwera poyera.

Moto unagwa ngati matalala. Misozi anatsamiza chishango pakona ya kontena, miyendo ya Chigayo n'kuibisa, poti mwendo ukathyoka loboti imangokhala mulu wa zitsulo. Chishango chitayamba kung'aluka, anatembenuzira adani phewa lamanja. Litatentha limenelo, anawapatsa lamanzere, kuti nkhonya zisamagwere pamodzimodzi. Sanawombere chisawawa. Ankangolasa pamene kaloboti kaja kayesa kudutsa m'mphepete, ndipo katatu konse anakabweza.

“Awiri ali kuno,” anatero. “Pakati patsala awiri okha. Pitani!”

Kaya anzakewo anamva, kaya sanamve, Misozi sanadziwe.

Chishango chinasweka. Mkono wamanzere unagwera m'phompho. Mzere wa moyo wa Chigayo unafiira.

M'masewera amenewa loboti ikafa, chitsulo chake chimatsala pomwe yagwera. Misozi akanatha kudzipanikiza kuseri kwa kontena, adaniwo n'kumudutsa, iye n'kufika kumapeto ali moyo. M'malo mwake anatuluka, naponda kamodzi kulowa pakamwa pa mlatho, popapatiza penipeni pakati pa mizati iwiri, natembenuza Chigayo chopingasa.

Mzinga unalira. Chigayo chinagwada, chinapendama, n'kugwa chotseka njira yonse ngati mtengo wogwera pamsewu.

Sikirini ya Misozi inatuwa. Anaika manja pamiyendo n'kumangoonerera. Adani awiri aja anakankha chitsulocho, anachiwombera, kaloboti kaja kanayesa kulumpha, koma zonse zinakanika. Pomaliza anatembenuka kuti azungulire njira yaitali. Nthawi inali itawathera. Pakati paja Terence anali atagwetsa mmodzi iye asanagwe, ndipo Boyd anazemba wotsalayo n'kuthamangira kutsogolo. Kutali, nsanja ya adani inapendekeka n'kugwa m'fumbi.

5. Chithunzi

Chipinda chonse chinaphulika ndi mfuu. Terence ndi Mwamba ananyamula Boyd m'mwamba mpaka mutu wake unagunda babu. Oonerera anali ataona zonse pa sikirini yaikulu: kaloboti ka Boyd kakuthamanga kokha, nsanja ikugwa. Kamlatho sikanaonekepo.

Ba Mathias anatsiriza kulemba pa bolodi. Boyd, faifi. Terence, thu. Mwamba, wani. Misozi, ziro. Kenaka anapereka kachikho konyezimira kwa Terence.

“Misozi, gwira foni iyi,” anatero Mwamba. “Tijambule. Uonetse ndi bolodi yomwe.”

Misozi analandira foniyo. Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti onse atatu akwane, nawajambula kawiri. Zithunzi zinatuluka bwino.

Boyd anagogoda pa bolodi ndi chala.

“Bolodi siinama, mune. Ndinamuitana, anakana. Akanakhala Shaun sitikanavutika choncho. Tinagwirizana, si choncho?”

Terence anayang'ana chikho, anayang'ana Misozi, kenaka anayang'ananso chikho.

“Tikambirana,” anatero.

Misozi anabweza foni kwa mwini wake, anatola chikwama natuluka. Palibe anamufunsa kumene akupita.

6. Pa masitepe

Anakhala pa sitepe yachitatu kuchokera pansi, pafupi ndi khomo la telala wina amene ankasoka mayunifolomu a kwaya. Misozi sanalire. Anangoyang'ana nsalu yoyera ikuyenda pansi pa singano.

Kumbuyo kwake kunamveka mapazi. Anadzipanikiza kukhoma kuti munthuyo adutse, koma mapaziwo anaima.

“Ndiwe unali pa kamlatho?”

Misozi anatukula mutu msangamsanga. Mawuwo anali a Chinyanja, Chinyanja chenicheni cha kum'mawa, chopanda kukoka. Woyankhulayo anali mtsikana wamtali wa siketi yaitali ndi magalasi omangidwa ndi kawaya pambali.

“Ndine,” anayankha.

“Ine ndine Zipporah Daka. Ka mkono umodzi kaja ndimayendetsa ine.” Mtsikanayo anakhala pa sitepe yomweyo osapempha. “Iwe, wandipweteka lero! Mkono umene uja ndimaupereka dala kwa adani kumayambiriro kuti ndioneke wakufa. Alonda onse amene ndakumana nawo mwezi uno amathamanga kundilondola, malovu ali chuchuchu. Iwe unaponda kawiri n'kubwerera. Unadziwa bwanji?”

“Wovulala weniweni sadikira.”

Zipporah anamenya bondo lake.

“Ndinawauza anzanga! Ndinati kuseri kwa chinsaluku kuli munthu amene ali ndi maso. Nanga zogwera pakhomo zija ngati ng'ombe yofera pachipata cha khola? Masauso, wa mzinga uja, anatsala pang'ono kulira. Akuti sanaonepo mtembo wamwano chonchija.”

Kuseka kunamutuluka Misozi asanakonzeke. Kunatuluka kwaphokoso, kwa ku Katete, mpaka telala uja anacheuka. Anagwira pakamwa ndi dzanja. Miyezi isanu ndi iwiri anali asanamve kuseka kwake komwe.

“Kwanu n'kuti?” anafunsa Zipporah.

“Ku Katete. Koma ndikhala ku Ndola, ku Nkwazi, kwa amalume.”

“Ife a ku Petauke. Ndinabadwira kuno, koma m'nyumba mwathu ukayankhula Chibemba amayi amakufunsa ngati wabwera kudzagulitsa tomato.” Anayang'ana kabokosi kamene kanasuzumira m'chikwama. “Muli chiyani umo?”

Misozi anatsegula. Zipporah anatenga kandolo imodzi, anatseka maso kanthawi kuyamika, nayamba kusenda.

“Ndaona bolodi,” anatero ali chotafuna. “Ndamvanso zimene wanena wa pakamwa uja. Iye akuganiza kuti nsanja yathu waigwetsa yekha. Ife awiri tinali kuti pamene iye ankathamanga? Tinali kumenyana ndi chitseko.” Anameza. “Tamvera. Mlonda wathu akupita ku koleji ku Kabwe mwezi wamawa. Timasewera Lachitatu ndi Loweruka masana, homuweki ikatha. M'mahedifoni mwathu timayankhula chathu chomwechi. Bweretsa dzanja.”

Anasolola bolopeni m'tsitsi nalemba nambala ya foni pachikhatho cha Misozi, pang'onopang'ono, kubwereza pamene inki yakana.

“Usayankhe lero. Kapemphere kaye. Koma Lachitatu ndikufuna ndidziwe.”

Anyamata aja anatsika masitepe ndi phokoso, Boyd ali patsogolo, foni ili kukhutu. Anawadutsa atsikanawo ngati akudutsa matumba. Terence yekha anachedwetsa mapazi. Anayang'ana Zipporah, anayang'ana makoko a kandolo pa sitepe, n'kupitirira.

Ku siteshoni minibasi ya ku Ndola inali pafupi kudzaza. Dzuwa linali litapendeka, koma likadalipo. Boyd ndi Mwamba anathamangira mpando wakumbuyo. Misozi anakwera womaliza, maso akufunafuna malo pawindo, pafupi ndi mlendo aliyense.

“Misozi. Pano.”

Anali Terence. Sanakhale ndi anzake. Anali pa mpando wachiwiri, ndipo pambali pake anali ataikapo chikho chija kusungira munthu malo. Anachinyamula n'kuchiika pamiyendo.

Misozi anakhala. Kondakitala anamenya chitseko, basi n'kunyamuka. Kumbuyo Boyd ankakuwa pa foni: “Shaun! Lolemba ukonzeke, boyi!”

Anadutsa msika, anadutsa maloboti a pamsewu, Terence akuzunguza chikho m'manja. Atafika pamene nyumba zimathera, anayankhula osamuyang'ana.

“Ndinamva pamene unati awiri ali kuno. N'chifukwa chake ndinatsika padenga. Mtsikana uja ndi mtsogoleri wa gulu lawo. Amafuna chiyani kwa iwe?”

Misozi anayang'ana pawindo. Pachikhatho pake inki inali isanaume bwino. Anafumbata dzanjalo pang'onopang'ono, mosamala kuti thukuta lisafufute nambala, naliika pansi pa chikwama.